Kwa Azakhali: Ndinkasaka mkazi m'foni mwawo, ndapeza zoposa mkazi

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 27, ndili ndi ana awiri, ndimakhala dera la Namwera m'boma la Mangochi. Amuna anga ali ndi zaka 30 ndipo tili pa chikamwini, pakhomo pa mayi anga. Anapita ku Joni tili ndi mwana mmodzi, anakagwira ntchito m'shopu, koma anawagwira chifukwa cha mapepala n'kuwabweza ndi zovala za m'thupi zokha. Atafika anayamba kabaza pa njinga yamoto ya munthu wina. Mafuta atasowa analephera kupereka ndalama ya tsiku, mwiniwake n'kulanda njingayo. Kuyambira pamenepo amangokhala.

Vuto linayamba ndi foni. Anaikamo pasiwedi, ndipo usiku amatuluka kukalankhulira kuseri kwa bafa monong'ona. Ine ndinati basi, kwabwera mkazi wina. Ndinaonera mmene amayendetsera chala potsegula, tsiku lina akusamba ndinatsegula. Azakhali, mulibe mkazi. Muli gulu la pa WhatsApp la amuna okhaokha, manambala ambiri ndi akunja, ndi mavidiyo a anthu obisa nkhope atanyamula mfuti. Ena ndinalephera kuwaonera mpaka kumapeto. Mulinso mawu ojambulidwa a munthu amene amawatcha "m'bale wanga", akuwauza kuti ku Montepuez kuli ntchito ya miyala, thiransipoti atumiza, koma asauze aliyense ngakhale ine. Munthuyo watumizapo kale ndalama kawiri, n'zimene anagulira ufa ndi bandulo.

Amuna anga asintha. Kale anali munthu wa nthabwala, Bullets ikamasewera ndi Wanderers nsima inkachita kuzizira. Pano akuti mpira ndi wa makafiri. Anasiya kuswali kumzikiti wathu, akuti shehe wathu anagulidwa ndi boma. Anakana kupita ku sadaka ya agogo anga. Akufuna mwana wathu wamkulu asiye sukulu ya boma. Mnzawo wa paubwana, Mkhristu amene anawabwereka ndalama ya basi popita ku Joni, samupatsanso moni. Sabata yatha pa wailesi atanena za anthu amene aphedwa ku Mozambique, iwo anati, "Ndiwo malipiro awo."

Mayi anga akuti ndi mankhwala a ku Joni, tipite kwa asing'anga. Achimwene anga akuti tingowathamangitsa, mkamwini wanji wosagula ndi sopo yemwe. Mnzanga wina akuti ndikanene kupolisi. Ine ndimawakonda, ndipo kwa ana ndi bambo wabwino. Nditani?

Ndine wanu,
Mayi wosaona tulo, Namwera

Mwana wanga wosaona tulo,

Choyamba ndikuyamikire pa ukazitape. Munthu kuloweza mmene chala cha mwamuna chikuyendera pa foni uku ukunamizira kusankha mpunga, a CID akukuchedwetsa, akulembe ntchito. Masiku onse ndimauza atsikana pano kuti wotsegula foni ya mwamuna ayambe wagula panado, koma lero sindikukalipira. Ungondiuza zoona: utaona kuti mulibe "switi wanga" kapena "Joni Makaniki" wa mawu a chikazi, sunayambe wapumira m'mwamba ndi chimwemwe? Ndiyetu ine ndikuti bola akanakhala mkazi. Za mkazi ndikanakuyankha m'mizere isanu, ankhoswe akanamaliza nkhaniyo tiyi asanazizire. Izi n'zina. Khala pansi.

M'kalata yakoyi wasakaniza zoopsa ndi zosaopsa, ndiye tiyambe tazilekanitsa. Zakuti anakana sadaka ya agogo ako, pazokha sizinditayitsa tulo. Asilamu a Kadiriya ndi a Sukuti akhala akukangana za sadaka ndi sikiri kuyambira mayi ako asanabadwe. Amakangana mpaka mawu kusasa, kenako amakumana pamsika n'kugulitsana usipa. Mwamuna akasunga ndevu, akafupikitsa buluku, akayamba kudzuka m'bandakucha kuti aswali, umenewo si umboni wa choipa chilichonse. Ndili ndi akamwini angapo amene ndikanakonda matenda amenewo atawagwira, mwina akanasiya kugona m'mabala. Munthu amene wabwerako ku Joni chimanjamanja n'kuthawira kwa Mulungu sanalakwe kothawira.

Ndipo inu owerenga a mipingo ina amene mwayamba kale kugwedeza mitu kuti "tinkanena ife, anthu a chipembedzo chimenechi", imitsani mitu yanuyo. Joseph Kony wa ku Uganda, amene gulu lake linkaba ana ndi kudula anthu milomo, ankati akumenyera Malamulo Khumi. Ku Shakahola m'dziko la Kenya, kuyambira mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu otsatira m'busa Paul Mackenzie, ambiri atafa ndi njala pofuna kukaonana ndi Yesu. Kuno kwathu anyamata amene timawaona ndi zikwanje m'misewu nyengo ya ndale sachokera kumzikiti, amachokera kumene kwagawidwa timakobiri ndi mowa. Ndiye werengani bwino, mwina mwana amene ndikumufotokoza pano akugona kuchipinda chanu chakumanzere.

Chimene chandiimitsa mutu ine ndi mawu aja akuti "ndiwo malipiro awo". Munthu wamva kuti anthu aphedwa, alimi, asodzi, amayi a ana ngati iweyo, iye n'kuona kuti zawayenera. Pamenepo wina wake wamuphunzitsa kale kuti padziko pali anthu, ndiye pali enanso amene magazi awo alibe mtengo. Taona mmene gulu la anthu amene iye akuwawerengera likucheperachepera. Oyamba kutuluka anali osewera mpira. Kenako mnzake wa paubwana uja, amene ndalama yake ndi imene inamufikitsa ku Joni. Kenako shehe, mwinanso ndi yemweyo amene anadalitsa ukwati wanu. Tsopano aphunzitsi a mwana. Pamzerepo otsatira ndi mayi ako, ndipo kumapeto kwa mzerewo kuli iwe. Munthu wolimbikira chipembedzo mwa masiku onse amavuta, inde, amakulalikira mpaka khutu kutentha, koma amatero pofuna kukukokera kumene ali. Uyu akudula anthu mmodzimmodzi kuti atsale ndi mawu a m'foni okha.

Kenako ndalama. Mwana wanga, dziko lino lavuta, m'bale wako wa bere limodzi kuti akutumizire ya bandulo mpaka unamizire maliro. Ndiye munthu amene sanaonepo nkhope ya mwamuna wako atumize kawiri, alonjezenso thiransipoti, n'kuwonjezera kuti "usauze mkazi wako"? Ntchito yeniyeni siopa mkazi. Imakhala ndi dzina la kampani, kalata, malo oti ungawaloze, ndipo munthu amatsanzika apongozi ndi amfumu masana dzuwa likuswa mtengo. "M'bale" ameneyu kaya ndi wolembera anyamata nkhondo ya m'tchire, kaya ndi wogulitsa anthu, kaya ndi tsizinamtole chabe, yankho lako ndi limodzi: mwamuna wako asakwere galimoto imeneyo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Popeza mavidiyowo ndi ulendowo zikuloza ku Mozambique, ndikuuzeko za kumeneko, kuti ukamakalankhula ndi akuluakulu asakakutenge ngati mkazi wansanje chabe. Montepuez ili m'chigawo cha Cabo Delgado, ndipo miyala ya ruby iliko ndithu. Wabodza wochenjera satchula malo oti kulibe. Koma m'chigawo chomwecho muli nkhondo imene inayamba pa 5 Okutobala 2017, pamene anyamata a zikwanje ndi mfuti anaukira apolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia. Anthu akumeneko amawatcha Al-Shabaab, ngakhale si gulu limodzi ndi lija la ku Somalia, ndipo kuyambira mu 2019 gulu la Islamic State limati amenewa ndi ake. Mu Malichi 2021 anaukira tauni ya Palma, kampani ya Total n'kuimitsa ntchito yake yaikulu ya gasi. Chaka chomwecho kunapita asilikali a Rwanda ndi a SADC, ndipo mu Januwale 2022 atsogoleri a SADC anakumana ku Lilongwe konkuno kukambirana nkhondo yomweyi. Asilikali a SADC anachokako mu 2024 nkhondo isanathe. Anthu oposa 1 miliyoni athawapo m'nyumba zawo. Usati ndi kutali: chakumapeto kwa 2021 zigawengazi zinafika m'boma la Mecula m'chigawo cha Niassa, Niassa yemweyu amene mumalowa mukangodutsa pa Chiponde kupita ku Mandimba.

Chimene ndikufuna umvetse n'chakuti mfuti zinabwera pambuyo. Ofufuza a bungwe la IESE la ku Maputo anakacheza ndi anthu a ku Mocímboa da Praia, ndipo mu 2019 analemba mmene zinayambira. Zaka zingapo mfuti isanalire, anyamata ena anayamba kunyoza mashehe a m'deralo kuti ndi osochera, kulowa mumzikiti atavala nsapato ndi mipeni m'chiuno, kuletsa ana kupita kusukulu za boma, ndi kutcha Asilamu anzawo makafiri. Ambiri anali osowa ntchito, ogulitsa timalonda pamsika ndi asodzi. Ena ankapatsidwa mpamba wa bizinesi, ena malonjezo a ntchito kapena maphunziro. Tawerenganso kalata yako uone ngati sukumva fungo lomwelo. Oyamba kuona zimenezi n'kukachenjeza boma anali akuluakulu a Chisilamu omwewo, ndipo midzi yambiri imene yawotchedwa m'mbali mwa nyanja yamchere ndi ya Asilamu. Mu Epulo 2020 m'mudzi wa Xitaxi, m'boma la Muidumbe, munaphedwa anthu 52, ndipo apolisi akumeneko anati anali anyamata amene anakana kulowa gululo. Umo ndi mmene "abale" amenewa amayankhira munthu wonena kuti ayi. Nthawi yoti mwamuna wako anene ayi ndi ino, akali pakhonde pa mayi ako.

Tsopano tibwere kwa achimwene ako, bwana wa sopo. Ndawamva. Mkamwini wongokhala amapweteketsa mutu, inenso ndawadyetsapo. Koma uwafunse kuti akamuthamangitsa, apita kuti? Munthu wopanda khobiri, wopanda munda wakewake, wonyozeka, m'thumba muli foni ndipo m'fonimo muli wina akumulonjeza thiransipoti. Kumuthamangitsa n'kumuperekeza kusiteji. "M'bale" uja akulakalaka zimenezo usiku ndi usana, chifukwa wakhala akumuuza kuti kumeneko sakukufuna, ndiye achimwene ako adzangosaina kuti n'zoona. Uwauze kuti Azakhali ati mwezi uno sopo agule okha.

Taganiza mmene tsiku la mkamwini wangayu limayendera. Amadzuka pamudzi pa eni. Anzake amene anakwera nawo basi ya ku Joni akutumiza malata ndi simenti, iye anabwera ndi jumbo. Akamatema nsima amamva mlamu akutsokomola. Akatenga madzi osamba amamva apongozi akufunsa kuti sopo uja watha bwanji msanga. Iwenso usandinamize, lilipo tsiku limene unaika mbale pansi mwamphamvu kuposa mmene mbale imafunira. Ndiye usiku foni ikulira, wina akumuuza kuti ndiwe mwamuna weniweni, ndiwe wosankhidwa, umphawi wakowu si kulephera kwako koma ndi chiwembu cha adani a Mulungu. Mwa anthu onse amene amalankhula naye pa tsiku, womupatsa ulemu ndi mmodzi yekha, ndipo ndi amene akufuna kukamuphetsa.

Si maganizo a Azakhali okha. Bungwe la UNDP linacheza ndi anthu amene analowapo m'magulu otere m'maiko angapo a mu Africa. Mu lipoti lake la 2023, mwa amene analowa mwa kufuna kwawo, 25 pa 100 alionse anati chinawakoka kwambiri ndi chiyembekezo cha ntchito, pamene otchula chipembedzo anali 17. Lipoti lake la 2017 linapeza kuti 57 pa 100 ankadziwa pang'ono chabe, kapena sankadziwa n'komwe, zimene mabuku a chipembedzo chawo amanena. Ndiye amene akukuuza kuti mwamuna wako wachulutsa chipembedzo akulakwitsa. Chamuchepera, ndipo kapang'ono kamene akulandirako akumuyezera ndi munthu wa zolinga zake.

Za asing'anga ndisataye nazo inki. Mayi ako ndimawalemekeza, koma nkhuku imene akufuna kukasiya kumeneko aiphike mkamwini adye, ndalamazo zikhale poyambira mpamba. Mukamuthira mankhwala m'phala iye n'kuzindikira, mwamupatsa umboni woti nyumba yonseyo ndi ya opembedza mizimu, ndipo usiku womwewo akauza "m'bale" uja.

Nanga iwe utani? Usayambe ndi foni. Ukangoti "ndinaona zonse", nkhani isanduka ya ukazitape wako, pasiwedi isintha, ndipo kawindo kamodzi kamene uli nako katsekeka. Usayambenso ndi mtsutso wa chipembedzo. Mayankho anamulowezetsa kale, vesi iliyonse imene ungatchule ali nayo ina yobwezera, ndipo akakugonjetsa amagona akukhulupirira kuposa dzulo. Yamba ndi zimene waona ndi maso ako, nthawi imene ana agona, m'mimba muli zii. "Bambo a mwana, masiku ano simuseka. Ndakusowani." Ukatero utseke pakamwa. Ndikudziwa kuti kwa akazi a mtundu wathu imeneyi ndi ntchito yaikulu, koma yesetsa.

Akayamba kulankhula, zambiri zimene anene zikhala zoona. Anena za katangale, za mafuta osowa, za mmene anamugwirira ku Joni ngati wakuba, za Asilamu amene akuvutika m'maiko ena. Usatsutse zoona. Vomera kuti zimapweteka. Anthu a m'foni aja amayambira pa zowawa zenizeni, ndiye iwe ukakana kuti zilipo, atsala ndi iwo okha omumvetsa. Pamene uyenera kuima nji ndi pa magazi. Akati ndiwo malipiro awo, mufunse mofatsa kuti mayi wothawa ndi mwana kumsana analakwa chiyani, ndipo akanakhala iwe ndi ana anuwo akanati chiyani. Mufunsenso za mnzake uja: "Tsiku limene anakupatsani ya basi lija, anali kale kafiri kapena wasanduka chaka chino?" Ufunse n'kupita kukatsuka mbale. Asayankhe lero, akagone nalo funsolo.

Za ulendo, akazitchula yekha, usalire kaye. Funsa mafunso a mkazi aliyense: kampaniyo dzina lake ndani, malipiro ndi angati, mukagona kuti, ndani wa kuno amene anapitako n'kubwera ndi ndalama, ndipo n'chifukwa chiyani zikuyenda mobisa. Mafunso amenewa akawatengere kwa "m'bale" wakeyo, aone yekha mmene munthu wachikondi uja akwiyire.

Koma usasenze wekha. Mwamuna amene wauzidwa kuti mawu a mkazi ndi opepuka amafunika amve kwa mwamuna mnzake. Osati achimwene ako, chonde. Pita kwa amalume ake kapena kwa nkhoswe ya kuchimuna, uwauze zonse, za foni zomwe, koma uwapemphe asabwere ndi bwalo la milandu. Asamuike pakati pa anthu khumi n'kumamuloza zala, chifukwa akachoka pamenepo ndi manyazi athamangira kwa yekha uja amene sanamuchititsepo manyazi. Amutenge ngati akufuna awathandize ntchito, kukafolera nyumba kapena kukagula mbuzi kumsika, akacheze m'njira. Pakufunikanso shehe. Ngati wa pamudzi panu anamutaya kale, pezani wina wophunzira kwambiri, wodziwa Chiarabu, woleza mtima, amene angakhale naye pansi maulendo angapo n'kutsegula mabuku limodzi. A Muslim Association of Malawi kapena a Quadria Muslim Association of Malawi angakulozereni munthu wotero. Ameneyo ndiye angamuonetse kuti mavesi a m'mavidiyo aja anawadula mutu ndi miyendo, ntchito imene iwe ndi ine sitingaithe.

Mnzake wa Chikhristu uja umuuze asatope. Azipereka moni ngakhale usayankhidwe, ndipo tsiku la Bullets ndi Wanderers azidutsa pakhomopo atakweza wailesi. Pa zaka zanga zonsezi sindinaonepo munthu wa Bullets amene anachira kotheratu.

Ndiye ntchito. Malangizo onsewa popanda chogwira ndi manja ndi mphepo chabe. Banja likhale pansi, kuchimuna ndi kuchikazi komwe, lione chimene lingathe: kulankhula ndi mwini njinga wina, mpamba wa usipa kapena tomato wochokera ku banki mkhonde yako, dimba, maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA. Zichepe bwanji, bola m'mawa azidzuka ali ndi kopita, madzulo azibwera ndi kanthu m'manja koti ana amuthamangire. Umupatsenso udindo wa pakhomo umene sufuna ndalama. Aziperekeza mwana kusukulu, akaone yekha kuti aphunzitsiwo ndi anthu, ena ndi Asilamu anzake. Pa nkhani ya sukuluyo usagonje ngakhale pang'ono: m'mawa kusukulu, masana kumadrasa, monga amachitira ana ambiri a kwanuko. Ndalama za "m'bale" zija nazo zithe. Ufa wake wakoma lero, koma ndi ngongole, ndipo tsiku lina adzati tinakudyetsa ndi ana ako, tsopano bwera.

Tsopano za kupolisi, ndipo apa nthabwala ndaziika pambali. Mnzako sanalakwe, wangofulumira theka. Kukamangitsa munthu chifukwa cha ndevu ndi mawu okalipa kungathe kumukankhira komwe ukumuletsako. Mu lipoti la 2017 lija, 71 pa 100 anati chimene chinawamalizitsa maganizo olowa chinali zochita za boma, monga kumangidwa kapena kuphedwa kwa m'bale kapena mnzawo. Koma munthu wa m'foniyo ndi nkhani ya apolisi lero lomwe. Sakulankhula ndi mwamuna wako yekha, ndipo kunyengerera munthu ndi ntchito yabodza kuti ukamugwiritse zina ndi mlandu pansi pa lamulo la 2015 loletsa kugulitsa anthu. Lemba papepala nambala yake, dzina la gululo ndi masiku amene ndalama zinabwera. Mavidiyowo usawatumize pa foni yako kapena kwa anzako a ku banki mkhonde kuti "taonani zimene ndikukumana nazo". Ukatero wawagwirira ntchito yofalitsa, ndipo ungadzipalire mlandu. Amalume ake ndi amfumu apite nawe, mukanene monga banja limene likuteteza mwana wake kwa munthu womunyenga. Chabwino koposa n'chakuti mwamuna wakoyo adzafike poti apite nawo ndi miyendo yake.

Pali zina zimene zikaoneka sudikiranso amalume, shehe kapena Azakhali. Ndalama ya thiransipoti ikafika ndipo tsiku lakonzedwa. Ukapeza chida chobisidwa. Akatchula munthu kapena malo amene akuti ayenera kuona zakuda. Akayamba kutsanzika modabwitsa, kugawa zovala zake, kupepesa anthu popanda chifukwa. Akafuna kunyamuka ndi mwana. Pamenepo thamangira kupolisi ola lomwelo, ngakhale akudane chaka chathunthu. Mwamuna wokwiya ali m'chitokosi ku Mangochi ungathe kukamuona ndi kontena ya nsima. Wa m'nkhalango za ku Cabo Delgado sudzadziwa ngakhale pamene anamukwirira.

Iwenso udzisamale. Chikondi chako ndachimva, koma sichikuletsa chibakera. Akayamba kukuopseza, kukumenya, kukutsekera m'nyumba kapena kukulanda foni, uli pamudzi pa mayi ako, kuwa anthu amve. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo pa za ana pali nambala yaulere ya 116. Ukachita zonsezi iye n'kusankhabe njira yakeyo, mlandu si wako. Ndi munthu wamkulu wa ndevu zake.

Usayembekeze kuti Lachisanu likubwerali adzadzuka n'kukakumbatira shehe. Analowa pang'onopang'ono, adzatulukanso pang'onopang'ono, ndipo masiku ena adzabwerera m'mbuyo mpaka iwe kufuna kumuponya m'chitsime. Tsiku limene adzayambe kukayika, mwina adzangoti "munthu uja sakuyankha bwino", usadzamuvinire kuti "ndinkanena ine". Ndikukudziwani ana inu, mawu amenewo mumawasunga miyezi kudikira tsiku lake. Udzawameze, udzangomuwonjezera ndiwo.

Mawa m'mawa mwana akapita kusukulu, vala chitenje upite kwa amalume ake, pepala la nambala lija lili m'manja. Usadikire kuti upeze mawu abwino, ungoyamba ndi kuti "ndabwera ndi nkhani ya mwana wanu". Mwezi ukatha undilemberenso, undiuze zimene amalumewo anena.

Ndine,
Azakhali ako